Mpeni wa Che Sidik

Pamsika wa Nsanama, mayi wa Chisilamu akafika pa beseni la mbalame zokazinga sayamba ndi kufunsa mtengo. Amafunsa kuti, "Wazinga ndani?" Kwa zaka zoposa khumi ndi zisanu, yankho lomwe linkakhazika amayi mtima pansi linali lakuti, "Che Sidik." Mayi akamva dzina limenelo ankagula osanunkhiza n'komwe, n'kukadyetsa ana ake. Che Sidik analibe ng'ombe, analibe nyumba yamalata. Chomwe anali nacho ndi dzina limeneli basi.

Iwowa anabadwira kwa Ngokwe, ndipo mfuti ya gogodera anayamba kuigwira ndevu zisanamere. Gogodera ndi paipi chabe yomangiriridwa kuthabwa ndi waya. Mkatimo ankathiramo wonga wopala kumitu ya machesi ndi tizitsulo tozungulira ta m'habu ya njinga. Ankakwawa m'matope a dambo la Chiuta, madzi akulekeza m'chibwano, misundu ikuwayamwa m'ntchafu, mpaka gulu la atsekwe ndi abakha a m'madzi litakhala pafupi. Mfuti ikalira, kumwamba kunkagwa nthenga ndi magazi. Zina zinkagwa zopanda mutu, zina zothyoka mapiko zinkangozungulira pamadzi ngati zaledzera. Ntchito yeniyeni inkayambira pamenepo. Mfuti ankaiponya paudzu, mpeni n'kuuluma m'kamwa, n'kuyamba kuthamangitsana ndi imfa. Mbalame iliyonse ankayenera kuipeza ikupuma, kuilozetsa ku Kibula, komwe Asilamu amayang'ana popemphera, kunena Bisimila, n'kuidula pakhosi. Yomwe yafa mpeni usanafike inali yofa yokha, Msilamu sadya. Imeneyo ankaiponyera m'thumba la mnzawo Wadson, wa Katolika, yemwe ankawatsatira pambuyo ndi bwato.

"Che Sidik, muzithamanga pang'onopang'ono, mungagwe," ankatero Wadson uku akutsegula thumba.

"Iwe thumba lakolo lidzakuperekeza kumoto," iwo ankayankha, matope ali m'maso.

M'matope amenewo ndi momwe anaphunzirira magazi. Mbalame yamoyo ikazingidwa magazi amatumpha, ofiira piriwiri, miyendo n'kumapalasa. Yakufa, ngakhale uicheke motani, magazi ake amangotsika mwaulesi, akuda, ndipo ukaisosola nyama yake imaoneka yodera. Che Sidik ankatha kungotembenuza khosi ndi chala n'kukuuza ngati mpeni unafika mochedwa.

Ankazidziwanso mbalame ndi nyengo zake. Ankanena kuti kale mvula ikangoyamba adokowe ankabwera gulu lophimba dzuwa, n'kutera m'minda ya chimanga kudzadya ziwala ndi ntchemberezandonda. Chaka china anawombera dokowe woyera, ndipo pomusosola anapeza mphete yachitsulo kumwendo, yolembedwa manambala. Mphunzitsi wina ataiwerenga anawauza kuti mbalameyo inachokera ku Ulaya. Nkhani imeneyo sinawachoke m'mutu. "Yawoloka nyanja zamchere, yadutsa maiko osawadziwa, n'kudzafera papaipi ya ine munthu wosadziwa kulemba dzina," ankatero. Koma sanasiye. Ana ankafuna kudya, ndipo mbalamezo zinkaoneka ngati sizingathe. Chaka ndi chaka mfuti zinkachuluka, maukonde ndi misampha ikuchulukanso, anthu akuotcha bango ndi zisa zomwe. Gulu lija linkangocheperachepera.

Anasiyitsidwa ndi mfuti yomweyo. Tsiku lina paipi inaphulika ali kulunjika, inang'amba tsaya lakumanzere n'kuchotsa theka la khutu. Wadson anawakokera m'bwato akutuluka magazi m'kamwa ndi m'mphuno. Atachira anasamukira kwawo kwa akazi awo, mudzi wina wa pansi paphiri kufupi ndi Nsanama. Kumeneko anthu otchera misampha ndi ulimbo anayamba kuwabweretsera mbalame zamoyo m'madengu m'mawa uliwonse. Iwo ankazinga pansi pa mtengo wa mango, yakufa n'kuiika pambali, kaya mwini wake adandaule chotani.

Munda wawo wa nandolo unali m'munsi mwa thanthwe lalitali. Pakati pa thanthwelo panali kashelefu kamwala, ndipo pamenepo pankaswera adokowe awiri akuda, a pamimba poyera, milomo ndi miyendo yofiira ngati ayiviika m'magazi. Amenewa sanali a gulu la nthawi ya mvula lija. Ankabwera kuzizira kukayamba, n'kuwonjezera timitengo pachisa chakale. Che Sidik ankati akatopa ndi khasu amakhala pachulu n'kumawaonerera. Ankadziwa kuti amasinthana kufungatira, ndipo wobwera amayamba waweramitsa mutu kwa mnzake ngati akupereka salamu. Anapiye akaswa ankakhala oyera ngati thonje, ndipo kholo linkawalavulira tinsomba tomwe latola m'thamanda la kumtsinje. Munthu wina aliyense wobwera ndi legeni kapena msampha kufupi ndi thanthwelo ankamubweza. "Yolera sitizinga," ankatero, osawonjezera mawu ena.

Akazi awo atamwalira anatsala ndi mwana wawo wamkazi, Lukiya. Lukiya anakwatiwa ndi Abdulrahim wa ku Nkaya, mnyamata wamtali, wa pakamwa pokoma, yemwe kale ankagulitsa nthochi ndi mandasi m'mawindo a sitima. Anabwera kudzakhala chikamwini, anamupatsa munda, analima thonje. Anabereka ana awiri. Koma dzanja la mwamunayo linali lofulumira kumenya. Kawiri konse Che Sidik anamva kulira kwa Lukiya m'nyumba, ndipo kachiwiriko anamupeza m'mawa diso litatupa akunena kuti wagunda chitseko.

Chaka chimenecho thonje linapsa ndi dzuwa. Chomwe chinatsala m'nyumba ya Abdulrahim ndi mabotolo awiri a mankhwala opopera.

Lolemba lina m'mwezi wa Julaye, Che Sidik akunola mpeni pansi pa mango, Abdulrahim anafika ndi thumba la feteleza paphewa. Analitsitsa mwaulemu, n'kunjuta pambali.

"Apongozi, ndabweretsa ntchito."

Thumbalo silinkagwedezeka. Che Sidik analikhuthula. Munatuluka nkhunda zam'tchire, akakowa, abakha atatu a m'madzi ndi nkhwali, zonse zolobodoka makosi, kumilomo kuli thovu. Panamveka fungo lomwe mlimi aliyense wa thonje amalidziwa.

"Izi zafa zokha, bambo," anatero Che Sidik.

"Iyayi, zangokomoka. Zikadali zofunda, gwirani."

"Chofunda ndi dzuwa. Mwathira chiyani m'thamanda?"

Abdulrahim anaseka pang'ono. "Apongozi, ife a ku Nkaya sitikwawa m'matope ngati ng'ona. Mpunga pang'ono, matemba pang'ono, timadontho tiwiri, basi mbalame zimabwera zokha kudzagona. Matumbo tikataya, nyama ilibe kanthu. Inu ingodutsitsani mpeni pakhosi. Ndani akaone?"

"Ndiona ine."

"Diso lanulo lidyetsa adzukulu anu?"

Che Sidik anapukuta mpeni pantchafu n'kuubwezera m'chimake. "Kazikwirireni mozama, agalu angafukule."

Abdulrahim anazibwezera m'thumba imodzi imodzi, sakusekanso. Pochoka anangoti, "Munapha zambiri kuposa ine. Lero mwasanduka shehe wa mbalame."

Mawu amenewo anawalasa chifukwa anali oona. Anatenga ndodo n'kutsikira kumtsinje. Mtsinjewo unali utaphwa, kutsala thamanda limodzi lomwe chilichonse cha m'deralo chinkamwapo. Anapeza achule atayang'ana mimba kumwamba, milamba itayandama, ntchentche zitafera pamwamba pa nsombazo. M'mphepete mwake munali mpunga womwazidwa ndi matemba oviikidwa. Ndipo m'bango munali dokowe wakuda mmodzi wa pathanthwe paja. Anali asanafe. Khosi linkapindikira kumsana, miyendo ikugwedezeka, phiko limodzi likumenya matope. Ankasanza matemba ndi thovu, n'kuyesa kuimirira, n'kugwanso chamutu. Diso lake linali lotsegula. Che Sidik anamupondereza ndi bondo, mbalameyo inawajompha padzanja mpaka kuboola khungu. Anatulutsa mpeni. Aka kanali koyamba kuzinga chinthu chomwe sichidzadyedwa. Atatha anasonkhanitsa mapesi, anaunjikapo dokoweyo, nsomba ndi mpunga womwe anatha kutola, n'kuyatsa moto.

Atabwerera kumudzi anapeza Lukiya akupeta nandolo pakhonde. Anamuuza zonse, n'kunena kuti akupita kukawauza akuluakulu a kumzikiti. Lukiya anaika lichero pansi n'kuwagwira mwendo.

"Baba, mukatero ine banja latha. Anandiuza kale kuti mukamuyalutsa akwera sitima, osabweranso. Ana awa ndiwalera ndi chiyani?"

"Mwana wanga, akuphetsa anthu ameneyu."

"Akuti akagulitsa kutali, ku Balaka. Akuti n'kamodzi kokha. Baba, chonde."

Kuseri kwa khitchini kunkamveka mpeni ukugogoda pathabwa. Abdulrahim ankadula yekha makosi a mbalame zakufa zija, n'kumapaka magazi a nkhuku pamabalapo kuti aoneke ofiira. Che Sidik anamuona, anaima, kenako anapitirira. Apa ndi pomwe analakwa, ndipo iwo eni amavomera mpaka lero. Anadziuza kuti ku Balaka n'kutali, ngati kuti anthu a ku Balaka alibe ana.

Masiku atatu anakhala chete. Kumunda ankangoyang'ana kuthanthwe. Dokowe wotsalayo ankaima pachisa mpaka dzuwa kufika pamutu, kudikira mnzake woti asinthane naye. Anapiye atatu ankatambasula makosi akulira ngati chitseko cha dzimbiri. Njala ikawakulira, kholo linkauluka, ndipo akhwangwala ankayamba kuzungulira. Che Sidik ankawagenda ndi miyala yomwe sinkafika ngakhale theka la thanthwelo.

Lachinayi m'mawa kunabwera Fadila, mayi wa m'mudzi woyandikana nawo, yemwe ankagula mbalame za mpeni wawo kuyambira ali mtsikana. Sanapereke salamu. Mpango unali utagwera paphewa, maso ali ofiira.

"Che Sidik, mwana wanga Yasmin wagona kuchipatala. Akusanza, akutuluka dovu, timaso tachepa ngati nthangala za mpiru. Adokotala akuti wadya mankhwala a m'munda. Ine m'nyumba mwanga mulibe mankhwala. Chomwe anadya ndi nkhunda ziwiri zomwe ndinagula dzulo kwa mkamwini wanu."

"Munagula kuti?"

"Pa Nsanama pompa. Ndinafunsa, anati mwazinga ndinu. Ndiye ndabwera mundiuze ndi pakamwa panu. Munazinga?"

Lukiya anali ataima pakhomo, mwana kumsana. Anawayang'ana bambo ake, osaphethira. Che Sidik akanati inde, Fadila akanapita kukafunafuna chifukwa china, mwina madzi, mwina mfiti, ndipo banja la Lukiya likanatsala. Iwo anangofunsa kuti, "Lero ali kumsika?"

"Ali komweko, beseni lodzaza."

Anavala kofiya yawo n'kutenga njinga. Lukiya anawathamangira mpaka pamsewu. "Baba, muyankhule naye pambali. Baba, pambali." Iwo sanatembenuke.

Msika unali wodzaza. Abdulrahim anali atakhazika beseni pafupi ndi ogulitsa tomato, mbalame zokazinga zitasanjidwa bwino, zowazidwa mchere ndi tsabola. Amayi anayi anali atazungulira, mmodzi atanyamula kale ziwiri papepala, kamwana kake kakukoka chitenje kufuna mwendo. Che Sidik akutsika panjinga anamva ndi khutu lawo labwino lija mkamwini wawo akunena kuti, "Musakayike mayi, mpeni wa Che Sidik uwu. Onani, eni akewo ndi awo akubwerawo."

Mwina akanamutengera pambali. Koma kamwana kaja kanali katalandira kale mwendo, kakuupititsa kukamwa. Che Sidik anakamenya padzanja, mwendowo unagwera m'fumbi, kamwanako kanalira. Kenako anakankha beseni ndi phazi, mbalame zinamwazika pansi.

"Izi sindinazinge ine," anatero mokweza. "Zinafa zokha ndi mankhwala a thonje. Amene wagula dzulo ndi lero akataye. Mwana wa a Fadila ali kuchipatala chifukwa cha zimenezi."

Abdulrahim anayesa kuseka. "Akuluwa mfuti inawasokoneza mutu, musawamvere." Koma Fadila anali atafika pa kabaza, ndipo anangomuloza chala n'kuyamba kulira. Mayi wa kamwana kaja anatola mbalame imodzi, anainyema, anainunkhiza, n'kumugenda nayo kumaso.

Woyamba kumenya anali wogulitsa nkhuni. Chikuni chinatera pamsana, Abdulrahim anagwada. Anadzuka kuti athawe, anakodwa m'mulu wa tomato, ndipo anthu anamugwera. Amuna a kabaza anasiya njinga zawo, ogulitsa nsomba anasiya mabenchi. Ankamuponda ndi zidendene, wina ndi mpope wa njinga, wina ndi mwala wa sikelo. Malaya anang'ambika, mano awiri anagwera m'fumbi losakanikirana ndi magazi ndi madzi a tomato. Wina anatola mbalame pansi n'kumamukanikizira kukamwa. "Idya, si wati yazingidwa? Idya tione." Amayi omwe dzulo lake anadyetsa ana awo ndiwo ankamenya kwambiri, ena ndi zipande, ena ndi manja okha, akulira. Chakumbuyo kunamveka mawu ofunsa amene ali ndi petulo.

Che Sidik sanaganize kuti zifika pamenepo. Ankafuna kuyeretsa dzina, osati kuphetsa bambo wa adzukulu awo. Anadzikankhira pakati akukuwa kuti basi, koma mawu a nkhalamba sankamveka. Ndiye anadzigwetsa pamwamba pa Abdulrahim, n'kumuphimba mutu ndi chifuwa chawo. Zidendene zomwe zinali m'njira zinatera pa iwo. Wankhuni uja anali atakweza kale chikuni ndi manja awiri. Che Sidik anatchinga ndi mkono wamanja, ndipo anthu omwe anali pafupi anamva fupa likuthyoka ngati phesi louma.

Kuthyoka kumeneko ndiko kunaimitsa anthu. Anaona kofiya yoyera ili m'fumbi, nkhalamba yomwe ankaidziwa onse itagona, mkono utapindika pomwe palibe mfundo. Anayamba kubwerera m'mbuyo mmodzimmodzi. Wankhuni anataya chikuni n'kugwira kumutu. Apolisi atafika anapeza anthu awiri ali pansi, wina akubuula, wina ali chete koma akupuma.

Yasmin anachira patatha masiku asanu. Ana ena awiri a m'midzi ina anagonekedwanso, nawonso anachira. Abdulrahim atatuluka m'chipatala anakhala m'ndende miyezi ingapo, ndipo atatuluka sanapondenso pamudzipo. Anapita kwawo ku Nkaya, n'kutumiza mawu a talaka, othetsa banja, pafoni ya mnansi. Pathanthwe paja, kholo limodzi silinathe kudyetsa anapiye atatu. Mmodzi anatengedwa ndi akhwangwala, wina anapezeka pansi pathanthwe nyerere zitamulowa m'maso. Wachitatu anauluka mu Sepitembala, wowonda, koma anauluka.

Mkono wa Che Sidik unalumikizana mokhota, ndipo zala sizigwiranso mwamphamvu. Anayesa kuzinga nkhuku kamodzi, mpeni unaterereka, nkhukuyo inathawa khosi lili lodulidwa theka ikuwaza magazi pabwalo lonse mpaka Lukiya anaigwira. Kuyambira tsiku limenelo anauza otchera misampha kuti azipita kwa ena, chifukwa kuzinga kozunza nyama si kuzinga. Kumzikiti anthu amawapatsa malo kutsogolo. Amayi a pamsika akakumana nawo amagwada powapatsa moni, ndipo Fadila amawatumizira chinangwa akakumba.

Lukiya yekha ndiye sanawagwadire. Chakudya ankawapatsa, madzi osamba ankawaikira, koma miyezi iwiri sanawayankhule mawu opitirira moni. Tsiku lina akuwamanga nsalu pamkonopo, anayankhula osawayang'ana.

"Baba, anthu onse akuti ndinu munthu woona. Ine sindikutsutsa. Akanafa mwana wa a Fadila, sindikanagona tulo. Komatu mukanapita kwa ashehe Lolemba lomwe lija, akanamuitanira pakhonde, nkhani ikanathera pamkeka. Ine ndinakuletsani, inde, koma wamkulu munali inu. Munadikira mpaka pamsika."

Che Sidik anadziwa kuti mwanayo ankanena zoona.

M'mawa mwake, dzuwa lisanatenthe, anatenga khasu ndi dzanja lamanzere n'kupita kumunda womwe Abdulrahim anausiya. Mitengo ya thonje inali ikadali chiimire, youma, ndipo inkayenera kuzulidwa mvula isanabwere kuti pabzalidwe chimanga cha ana aja. Ndi dzanja limodzi khasu linkangodumpha panthaka youmayo, mtengo umodzi ankalimbana nawo mpaka thukuta. Atamaliza mzere woyamba anamva khasu lina likulira kumapeto ena a munda. Anali Lukiya, mwana kumsana, atayambira mzere wa kumalire. Sanawayang'ane, iwonso sanamuitane. Pakati pawo panali mizere yoposa makumi atatu.